Mabuleki a njinga: kukonza kosawononga ndalama komwe kumapulumutsa moyo ndi katundu

Kwa mabanja ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje, njinga yakapalasa ndiyo galimoto ya pakhomo. M'mawa uliwonse, mumsewu wochokera ku Bunda kulowera ku msika wa Mitundu, komanso m'mbali mwa msewu waukulu wa M1 pa Nathenje, mumadutsa njinga zonyamula matumba a chimanga, mtedza, soya, makala ndi nkhuku. Akabaza amapezera pomwepo chakudya cha ana awo, ndipo odwala ambiri amafika kuchipatala cha Mitundu atakwezedwa pa kaliyala. M'zaka zapitazi zachulukanso njinga za magiya zotchedwa mountain bike, zambiri mwa izo zogulidwa pa kaunjika. Anthu amazikonda chifukwa cha matayala ake okhuthala ndi magiya omwe amapeputsa ntchito pachitunda. Komabe njinga yokwera bwino phiri iyeneranso kutsika bwino, ndipo apa ndi pomwe zambiri zimalephera.

Eni njinga ambiri amaganiza kuti mabuleki akafooka ndiye kuti pafunika ndalama zambiri zogulira zitsulo zatsopano. Zoona zake n'zakuti nthawi zambiri vuto limakhala dothi, waya wotamuka kapena malabala osakhala pamalo pake. Zonsezi zimakonzeka ndi sipanala, kansalu, madzi a sopo ndi kandalama kochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa ngozi.

Chifukwa chake liwiro ndi katundu zimafuna mabuleki abwino

Mabuleki amaimitsa njinga pokhuzitsa labala ku limu, kapena pofinya chimbale chachitsulo chomwe chimakhala pakati pa gudumu. Kukhuzanako kumasandutsa mphamvu ya liwiro kukhala kutentha. Mphamvu imeneyi imakula molingana ndi kulemera kwa njinga, koma imakula kwambiri ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti njinga iime umawirikiza kanayi. Njinga yomwe ikuyenda makilomita 30 pa ola imafuna mtunda wotalika kanayi kuposa yomwe ikuyenda makilomita 15 pa ola. Mlimi akamangirira matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50 lililonse, wawonjezera makilogalamu 100 pa mabuleki omwe anapangidwira munthu mmodzi wopanda katundu.

Ngakhale anthu oyamba kukwera njinga za mtunduwu anakumana ndi vuto lomweli. Njinga za mountain bike zinayambira m'dera la Marin ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970. Mu 1976 okwera njinga kumeneko anayambitsa mpikisano wotsika phiri wotchedwa Repack. Dzinali linabwera chifukwa buleki ya m'kati mwa gudumu lakumbuyo inkatentha mpaka girisi yonse kupsa, ndipo akatsika ankayenera kuthiranso ina. Kuchokera nthawi imeneyo opanga njinga akhala akusintha mabuleki, ndipo mu 1996 kampani ya Shimano inatulutsa mtundu wotchedwa V-brake, womwe ndi umene umapezeka pa njinga zambiri za kaunjika lero.

Kuyamba ndi ukhondo

Ntchito yoyamba siifuna ndalama. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimamatirira ku limu ndi ku malabala. Pakapita nthawi labala amasalala ndi kunyezimira ngati galasi, ndipo timiyala ndi tizitsulo timalowa m'kati mwake n'kumadya limu. Mwini njinga ayenera kutsuka mbali zonse ziwiri za limu ndi madzi a sopo, kuchotsa timiyala ndi nsonga ya msomali, kenako kupala labala pang'ono ndi sandipepa mpaka kunyezimirako kutachoka. Mafuta ndi mdani wamkulu wa mabuleki. Pothira oyilo ku tcheni, dontho limodzi likagwera pa limu kapena pa chimbale, buleki imaterera. Chimbale chipukutidwe ndi sipiriti pa kansalu koyera. Parafini ndi dizilo siziyenera kugwiritsidwa ntchito, chifukwa zimasiya mafuta.

Malabala ndi kakhalidwe kake

Labala watsopano amakhala ndi timizere tozama. Timizereto tikafafanika, labalayo watha ndipo ayenera kusinthidwa chitsulo cha m'kati chisanayambe kukanda limu. Malabala awiri ndi otchipa kwambiri kuposa limu yatsopano. Ena amadula zidutswa za tayala lakale kapena za patapata n'kumangirira m'malo mwa labala. Zimenezi zimaoneka ngati zikugwira padzuwa, koma mvula ikagwa zimaterera, ndipo zimatha kuthothoka pa nthawi yomwe zikufunika kwambiri.

Pomanga, labala ayenera kukhudza limu ndi nkhope yake yonse. Akakwera m'mwamba amadya tayala mpaka kuphulika, ndipo akatsika kwambiri amatha kulowa m'masipoko. Pakati pa labala ndi limu pakhale mpata wa milimita imodzi kapena ziwiri mbali iliyonse. Amakaniko odziwa amapendeketsa labala pang'ono kuti kutsogolo kwake kuyambe kukhudza limu, zomwe zimathetsa kulira kwa mabuleki. Ngati mbali imodzi ikukhuza limu pomwe ina ili patali, pali timasikuluwu ting'onoting'ono m'munsi mwa mikono ya V-brake tolinganizira mbali ziwirizi.

Waya ndi gudumu

Mphamvu ya dzanja imafika ku labala kudzera mu waya woyenda m'kati mwa kapaipi. Waya akachita dzimbiri, kapena kapaipi kakathyoka, mphamvu yambiri imathera panjira. Chizindikiro chake n'chakuti chogwirira buleki chimalimba kapena sichibwerera chokha. Waya wotere asololedwe, apukutidwe ndi kupakidwa girisi pang'ono. Waya amene wayamba kutosoka tizingwe, makamaka pafupi ndi chogwirira, asinthidwe tsiku lomwelo. Pofinya buleki, chogwirira sichiyenera kugunda handulo, koma chiime patatsala mpata wolowa zala ziwiri. Chikagunda, waya akokedwe pomasula bawuti yomugwira, kapena atembenuze kamfundo kokungira kamene kali pomwe waya amatulukira.

Gudumu lopindika limawononga ntchito yonseyi, chifukwa mwini wake amakakamizika kutalikitsa malabala kuti asamakhule. Kuwongola gudumu pokunga masipoko ndi ntchito yodziwika kwa okonza njinga a pa Mitundu ndi pa Nathenje, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Limu yomwe yakumbika m'mbali mpaka kuchita kamgwandu yatsala pang'ono kung'ambika. Pogula ina, ndi bwino kusankha ya aluminiyamu, popeza yachitsulo chonyezimira imaterera kwambiri ikanyowa.

Pogula zipangizo zakale

Zipangizo za pa kaunjika zimathandiza, koma ziyenera kugwirizana. Chogwirira cha V-brake chimakoka waya wautali kuposa cha mabuleki akale. Chogwirira chakale chikaikidwa pa V-brake, chimafika pa handulo njinga isanaime. Kwa amene njinga yake ili ndi buleki ya chimbale, kusintha chimbale chakutsogolo cha mamilimita 160 n'kuika cha 180 kumawonjezera mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, ngakhale pamafunika kachitsulo kokwezera buleki. Kusintha njinga yonse kuchoka ku malabala kupita ku chimbale n'kodula, ndipo V-brake yosamalidwa bwino imakwanira ntchito za tsiku ndi tsiku. Njinga za Buffalo, zopangidwa ndi bungwe la World Bicycle Relief lomwe linakhazikitsidwa mu 2005, zinadziwika ndi buleki yopondera chambuyo yobisika m'kati mwa gudumu, momwe matope safika msanga. Imeneyonso imafuna girisi pa nthawi yake.

Buleki yakutsogolo isachotsedwe

Anthu ena amamasula buleki yakutsogolo poopa kuti ingawagwetse chamutu. Koma njinga ikamaima, kulemera kumakankhikira kutsogolo, kotero gudumu lakutsogolo ndilo limagwira nthaka mwamphamvu. Buleki yakumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala n'kulidya. Njira yabwino ndi kufinya zonse ziwiri pang'onopang'ono, thupi litabwerera kumbuyo. Pamchenga ndi pamatope, yakutsogolo ifinyidwe mofatsa. Pamtsetse wautali ndi katundu wolemera, kufinya kosalekeza kumatenthetsa limu mpaka chubu kuphulika, choncho ndi bwino kufinya ndi kumasula mosinthana, kapena kutsika n'kukankha njinga. Kuponda tayala ndi nsapato si buleki.

Udindo wa madera

Nyengo ya mvula, kuyambira mwezi wa November mpaka April, ndiyonso nthawi yonyamula feteleza ndi mbewu m'misewu yoterera. Magulu a akabaza angathe kugwirizana kuti njinga iliyonse iyesedwe isananyamule munthu: kufinya buleki yakutsogolo n'kukankha, gudumu lakumbuyo linyamuke, kenako kufinya yakumbuyo, tayala likhwekhwereze. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, pamodzi ndi makomiti a sukulu, angathe kuitana wokonza njinga kuti aphunzitse ana ndi makolo ntchito zing'onozing'onozi. Kuyesaku kumatenga mphindi imodzi, ndipo kumachitika pakhomo, ulendo usanayambe.