Kodi Nyenyezi Zimakalamba?

Mwana wina wa katekisimu kuno ku Chowe anafunsa mphunzitsi wake ngati nyenyezi zimakalamba. Mphunzitsiyo anamuuza kuti zakumwamba sizisintha. Inu akatekisiti ndi makolo, tisamayankhe ana chotero, pakuti tsiku limene adzamva zoona kusukulu adzakayika ndi zina zonse zimene tinaŵaphunzitsa.

Usiku wopanda mwezi tikakweza maso timaona Mlalang'amba utayala ngati njira yoyera. M'menemo muli nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo dzuŵa lathu ndi imodzi mwa izo. Milalang'amba ina ilipo yosaŵerengeka, ndipo ina imaundana m'magulu monga nyali za asodzi a usipa panyanja. Gulu lotchedwa Coma lili ndi milalang'amba yoposa 1,000.

Nanga pakati pa milalang'ambayo pali chiyani? Pa 12 Disembala 1970 akatswiri anaulutsa chombo chotchedwa Uhuru kuchokera kufupi ndi Malindi wa ku Kenya, osati wathu uyu wa kuno ku Mangochi. Chombocho chinkaona cheza cha ekisire, chonga chija cha kuchipatala, ndipo ndi chezacho anazindikira kuti magulu aja ngodzala ndi mpweya wotentha madigiri 10 miliyoni mpaka 100 miliyoni. Maso sauona, koma kulemera kwake kuposa kwa nyenyezi zonse za m'gulumo.

Tsono kuŵala kumatenga nthaŵi pa ulendo wake, motero wopenya kutali akupenya zakale. M'chaka cha 1978 Harvey Butcher ndi Augustus Oemler anapeza kuti magulu akutali ali ndi milalang'amba yambiri yomwe ikali kubala nyenyezi zatsopano, pamene m'magulu apafupi yochuluka inaleka kubala. Chifukwa chimodzi anali atachifotokoza kale James Gunn ndi Richard Gott mu 1972. Nyenyezi zimabadwa kuchokera mu mpweya wozizira. Mlalang'amba ukamaloŵa m'gulu ndi liŵiro, mpweya wotentha uja umaukokolola mpweya wakewo, monga mwera uulutsira ufa m'lichero. Ukatero umatsala ndi nyenyezi zokalamba zokhazokha.

Nawo mpweya wotenthawo umasintha. Mu 1976 anapezamo chitsulo, chimene chinamwazika pamene nyenyezi zakale zinaphulika. Chitsulo cha khasu lanu ndi cha m'magazi mwanu chinadzera njira yomweyo.

Zimenezi zisatiopse. Amene anasonyeza mu 1927 kuti chilengedwe chikufutukuka anali wansembe wa Eklezia wathu, Bambo Georges Lemaître wa ku Belgium. Lero akatswiri aŵerenga kuti papita zaka pafupifupi 13.8 biliyoni chiyambire kufutukukako. Choncho mwana akakufunsani, muuzeni mosaopa kuti inde, nyenyezi zimabadwa, zimakalamba ndi kufa. Wosakalamba ndi Mlengi yekha, amene azigwiriziza zonsezo kufikira lero.

Ambuye akudalitseni inu ndi maŵanja anu. Amen.