Burashi yometera ikamathothoka ubweya: vuto ndi la ndani?

Amene mumagulitsa maburashi opakira thovu pometa ndevu dandaulo ili mukulidziwa. Kasitomala wagula Lolemba, Lachinayi wabwera ndi tiubweya m'kapepala, akuti munamugulitsa chinthu chakutha. Nthawi zina amakhala akunena zoona, koma nthawi zinanso burashiyo imakhala ilibe vuto lililonse. Mukalephera kusiyanitsa, wolipira ndinu.

Tiyerekeze kuti mwapikula burashi pa K2,000 ndipo mukugulitsa K2,500. Imodzi yokha ikabwezedwa, inu osaibweza komwe munaoda, phindu la maburashi anayi lapita.

Popanga burashi amamanga ubweya mtolo umodzi, n'kuthira guluu wolimba kumunsi kwake, kenako n'kumatira mtolowo m'kabowo ka chogwirira. Mumtolomo mumatsalira tiubweya tatifupi tomwe sitinafike pa guluu, ndipo ndi timeneti timagwa masiku oyamba. Choncho burashi yatsopano, makamaka ya ubweya wa nyama, ikamataya tiubweya tiwiri titatu pa kumeta kulikonse sabata yoyamba kapena yachiwiri, palibe chodabwitsa. Chachikulu n'chakuti kuthothokako kuzinka kuchepa mpaka kusiya. Muuzeni kasitomala zimenezi musanalandire ndalama yake, chifukwa mukadzanena atabwera kale ndi dandaulo adzangoti mukuzemba.

Burashi yolakwika kufakitale imaoneka mosiyana. Ubweya umatuluka wambiri nthawi imodzi, masabata akupita koma osasintha, pakati pa mtolo pamayamba kuoneka mpata, mwinanso mtolo wonse umagwedera mukaupotoza pang'ono. Apa guluu ndiye anachepa kapena sanagwire bwino, ndipo ngakhale mwini wake aisamale motani, ubweyawo sungaleke kugwa.

Onaninso ubweya umene wagwawo. Ngati ndi wautali, wathunthu, ndiye kuti wazuka pa guluu. Ukakhala waufupi, woduka pakati, kawirikawiri amakhala kuti mwini wake amaikanikiza kwambiri pankhope kapena m'mbale ya sopo. Madzi owira nawo amafewetsa guluu, ndiye ometa amene amaviika burashi yonse m'madzi otentha kwambiri kapena kuisiya mu sipiriti pofuna kupha majeremusi amaipha msanga. Sopo wotsalira kumunsi kwa mtolo amauma n'kuchititsa ubweya kuthyoka, pomwe kuitsekera m'jumbo idakali yonyowa kumauwoletsa. Ikangogwira ntchito itsukuluzidwe ndi madzi ofunda, ikutumulidwe pang'ono, iume pamphepo. Nanunso a pabenchi, musamaiyanike padzuwa tsiku lonse.

Mtundu wa ubweya nawo muziufunsa pooda. Pali wa kanyama kotchedwa badger, kachibale ka chiuli, womwe wambiri umachokera ku China ndipo ndi wodula. Pali wa nkhumba, wolimbirapo komanso wotsika mtengo, wa hatchi, ndi wa nayiloni. Kwa ine, wa nayiloni ndiye woyenera msika wathu, chifukwa umauma msanga ndipo suwola. Komanso ngati makasitomala anu ambiri ndi Asilamu, monga ku Mangochi kapena ku Machinga, kudziwa ngati ubweya ndi wa nkhumba si nkhani yaing'ono.

Nkhani yobweza imayambira pa tsiku looda. Musanyamule katoni yosatsegula. Tulutsani maburashi atatu kapena anayi a malo osiyanasiyana m'katonimo, muwapukute pachikhatho ali ouma, mukoke ubweya pang'ono ndi zala, mupotozenso mtolo. Kenako funsani mwini shopu momveka: zikapezeka zolakwika asintha, ndipo pasanathe masiku angati? Yankho lake alilembe palisiti ndi kusainira. Lonjezo la pakamwa limaiwalika msanga, makamaka mukadzapeza pakauntala pali munthu wina. Amene mumakaoda kutali, ku Kariakoo mu Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, onjezani chiwerengero cha maburashi oyesa, poti kubwerera ndi dazeni imodzi sikungakwane n'komwe thiransipoti.

Kasitomala akabweretsa burashi yomwe mwaona kuti ndi yolakwikadi, musinthireni pomwepo. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likuchenjeza kuti zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa n'zosaloledwa, ndipo chenjezoli likukhudza shopu yaikulu ndi benchi yanu yomwe. Mukatero jambulani burashiyo pamodzi ndi ubweya wothothokawo ndi lisiti, mutumize pa WhatsApp kwa amene anakugulitsani tsiku lomwelo, kuti tsiku la dandaulo lidziwike. Lankhulani zoona zokhazokha: munagula liti, angati, abwezedwa angati.

Maburashi atatu a katoni imodzi akabwezedwa ndi vuto lofanana, lekani kugulitsa otsalawo. Mwachionekere anamatidwa nthawi imodzi ndi guluu yemweyo, ndiye abwezeni onse adakali m'mapaketi awo, pomwe mwini shopu sangakane kuti mwawaononga ndinu. Yogwiritsidwa kale ntchito ija musaibwezere pabenchi ngakhale itaoneka yoyera, poti yakhudza khungu la munthu, mwinanso pomwe lezala linacheka. Iumitseni, muikulunge payokha, mulembepo tsiku limene inabwezedwa, ipite limodzi ndi lisiti.