Nyumba ya Lendi: Mtolo wa Anthu Awiri

Amene timayenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji taona ndi maso athu mmene malo asinthira. Chisamukireni likulu la dziko kuchoka ku Zomba mu 1975, mzinda wa Lilongwe wakhala ukukula, kotero kuti pa kalembera wa 2018 anthu ake anali pafupi kukwana miliyoni imodzi. Ena amene alephera mitengo ya nyumba za mumzinda apeza pogona cha ku Mpingu. Nako ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, aphunzitsi, anamwino ndi ochita malonda amasowa nyumba pafupi ndi ntchito zawo. Motero ambiri a ife tamanga nyumba za lendi.

Tikamva kuti banja latulutsidwa m'nyumba, mitima yathu imathamangira kuweruza mwini nyumba kuti ndi wouma mtima. Koma tiyeni timuyang'ane bwino munthuyu. Kawirikawiri si wolemera ayi. Ndi mlimi amene anagulitsa fodya ku Kanengo nagula malata, kapena mayi wamasiye amene mwamuna wake anamusiyira zipinda zitatu kuseri kwa golosale. Lendiyo ndiye fizi ya ana ake, ndiye feteleza wa m'munda mwake, ndiyenso ndalama yolipira akadwala napita kuchipatala cha St Gabriel's ku Namitete.

Pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresentinso mu November 2023, simenti, malata ndi utoto zinakwera mtengo. Mwini nyumba akakweza lendi, mlendi amalephera. Akapanda kukweza, denga lodontha limasowa wolikonza. Ndipo m'miyezi ya January ndi February, nkhokwe zikakhala zopanda kanthu ndi malonda atazilala pamsika, wogulitsa tomato kapena wakabaza amadumphitsa mwezi umodzi, kenaka iwiri. Mwini nyumba amene anakongola ku banki mkhonde kuti atsirize nyumbayo amayamba kusowa tulo. Apa mpamene Satana amapezera mpata: wina azula chitseko, wina akhoma loko, winanso athawa usiku ndi katundu wake osalipira kanthu. Pa Sabata onse awiri akhala m'tchalitchi chimodzi osapatsana moni.

Abale ndi alongo, zotere siziyenera pakati pathu. Ambuye Yesu, pa Mateyu 18, anaphunzitsa za kapolo amene anakhululukidwa ngongole yaikulu koma anakana kulezera mtima mnzake. Mtumwi Paulonso, pa Aroma 13, atichenjeza za kukhala ndi ngongole. Mau a Mulungu alankhula kwa onse awiri.

Tichite chiyani tsono? Choyamba, pangano lilembedwe tsiku lolowa m'nyumba: lendi ndi zingati, tsiku lolipira ndi liti, adzakonza zowonongeka ndani, ndiponso chidziwitso chotuluka chidzaperekedwa nthawi yotalika bwanji. Pakhale mboni, monga nyakwawa kapena mkulu wa mpingo, ndipo ndalama iliyonse yolipidwa ilembedwe m'kope, onse awiri nasainira.

Chachiwiri, inu okhala pa lendi, mukaona kuti mwezi uno zavuta, pitani nokha kwa mwini nyumba tsiku lisanakwane. Perekani zimene muli nazo, ndipo nenani zoona za tsiku limene mudzatsirize. Kubisala ndiko kumakwiyitsa koposa ngongole.

Chachitatu, inu eni nyumba, musakweze lendi mwadzidzidzi. Nenerani pasadakhale kuti banja likonzeke. Mlendi wokhulupirika amene achedwa sabata imodzi aposa chipinda chokhala miyezi itatu chopanda munthu. Ngati kukambirana kwalephereka, itanani akulu a mpingo kapena amfumu. Zikakanikabe, bwalo la milandu lilipo. Kusasula denga pa ana a mnzanu m'nyengo ya mvula si chilungamo, ndi nkhanza.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Denga la nyumba ya lendi lisenzedwa ndi mitu iwiri, wa womanga ndi wa wogonamo. Tiyeni m'milaga yathu ndi pa misonkhano ya Chigwirizano tikambirane nkhaniyi poyera, mwezi wa njala usanatipeze.