Madzi ofiira pa mpopi: kodi ndi dzimbiri cabe?

Amai a ku Lilanda amawadziwa bwino madzi aja otuluka ofiira ngati tiyi mpopi ukakhala masiku awiri osadontha. Ambiri amangoti ndi dothi. Kawirikawiri ndi dzimbiri locokera mkati mwa mapaipi acitsulo.

Dzimbiri palokha silidwalitsa kwenikweni, ngakhale limaipitsa kakomedwe ka madzi ndi kuthimbiritsa mayunifomu a ana. Coopsa ndi cimene limacita mobisika. Limadya klorini amene amapha tizilombo, ndiponso limaboola paipi. Madzi akaleka kuyenda, paipi yobooka imayamwa madzi a m'nthaka, ndipo m'makomboni athu nthaka imeneyo ndi yomwe mwakumbidwa zimbudzi. Kolera, amene anasautsa Lusaka mu 2017 ndi 2018 nabweranso mu 2023, amakonda njira zotere. Paja mipopi ya m'dera la George inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan m'zaka za m'ma 1990 cifukwa ca matenda omwewa.

Ndiye cifukwa cake kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation iyenera kupima madzi nthawi ndi nthawi, ndipo bungwe la NWASCO limaiyang'anira. Opima amaona pH, muyeso wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi; ukatsika pansi pa 6.5, madzi amayamba kudya citsulo. Amaonanso klorini wotsala pa mpopi, amene sayenera kucepera mamiligalamu 0.2 pa lita.

Pano tili ndi kamwayi. Madzi a pansi pa Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, ndipo zoyera zija zokakamira m'ketulo zimamatanso mkati mwa paipi ndi kuiteteza pang'ono. Koma mwayi si kupima. Ku Flint, m'dziko la America, mu 2014 anasintha kotunga madzi osathiramo mankhwala oletsa mapaipi kudyeka, ndipo mtovu unalowa m'magazi a ana.

Madzi akabwera ofiira, alekeni atuluke kufikira atayera. Oyambawo kolopelani m'nyumba. Akumwa muwawiritse kapena kuthiramo klorini, koma dziwani kuti kuwiritsa kumapha tizilombo cabe, sikucotsa citsulo kapena mtovu. Akakhalabe ofiira masiku angapo, kapena mwaona paipi ikudontha pafupi ndi cimbudzi, kaneneni ku ofesi ya madzi tsiku lomwelo, ndipo mudziwitsenso a zaumoyo ku kiliniki.