Makomo a Tsidya la Msewu: Kucheza ku Angónia

Aliyense amene adakwerapo basi kuchokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre adaliona dziko la Mozambique ndi maso ake, kaya adadziwa kaya sadadziwe. Mukangopitirira Dedza kulowera ku Lizulu mpaka ku Biriwiri, m'malo ambiri msewu wa M1 ndiwo malire. Kumanzere ndi kwathu, kumanja ndi kwa eni. Mayi amene wakugulitsani kachewere ndi kabichi pa zenera mwina wagona m'boma la Angónia kapena la Tsangano, m'chigawo cha Tete, ndipo dzuwa likapendeka abwerera komweko.

Malirewa adalembedwa m'pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal. Azunguwo adangotsata msana wa mtunda: kumene madzi a mvula amatsikira ku nyanja ya Malawi ndi ku Shire kukhale kwa Angelezi, kumene amatsikira ku Zambezi kukhale kwa Apwitikizi. Achewa ndi Angoni okhala pamtundapo sadafunsidwe. Angoni a Maseko likulu lawo lidali m'munsi mwa phiri la Domwe, lomwe lero lili ku Mozambique, n'chifukwa chake kuno tili ndi Inkosi Gomani pomwe uko ali ndi Inkosi Zintambira. Chilankhulo ndi chomwechi, ngakhale boma lawo limachitcha Chinyanja. Tawuni yawo yaikulu ndi Ulongwe, osati wa ku Balaka uja ayi. Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho, ndipo anthu amangoti "ku Vila". Kuchokera pa chipata cha Dedza ndi ulendo waufupi pa galimoto.

Mukalowa pakhomo la kumudzi, poyamba simuona chachilendo. Nkhokwe ndi yomweyo, ngolo ya ng'ombe yaima pansi pa mtengo wa mapichesi, mpongozi akukuzembani kuseri kwa nyumba monga mwa mwambo, ndipo mukatha kudya muthokoza potchula mfunda wa mwini khomo. Zachilendo zimayamba kuoneka mukagonako. Ndipo mukazilondola bwino, pafupifupi zonse sizichokera kwa makolo. Zidabwera ndi maboma awiri, ndalama ziwiri ndi nkhondo.

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi pamene mlendo amasokonezeka msanga. M'makomo a m'malire si zachilendo kupeza mayi akusunga ndalama m'mfundo ziwiri za chitenje, kapena kuti kapulana monga amanenera ena kumeneko. Mfundo ina muli makwacha a kuchigayo ndi ku msika wa Lizulu, ina muli mametikale a ku Vila. Mwana akamatumidwa mchere, funso loyamba si la mtengo koma lakuti akagule mbali iti. Kuwerengera kwake nakonso n'kwa mtundu wake. Metikale idalowa m'malo mwa escudo mu 1980, ndipo mu 2006 boma lidachotsapo maziro atatu, koma pakamwa pa anthu mazirowo sadachoke. Agogo akati chinthu ndi "makonto asanu", akunena mametikale asanu okha, poti konto kale idali chikwi. Mmalawi womva izi koyamba amagwira m'thumba mtima uli phaphapha, kuyesa kuti amulipiritsa ndalama ya mbuzi pogula machesi. Kale kwacha ndiyo inkalamula m'midzi imeneyi chifukwa misika ya pafupi idali ya ku Malawi, mzinda wa Tete uli kutali kuchigwa. Koma kwacha yakhala ikufooka, makamaka chiigwetsereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mfundo ya mametikale ija ndiyo yayamba kumangidwa kawiri.

Foni nayo ndi chimodzimodzi. Muli makadi awiri, ya Movitel kapena Vodacom ndi ya Airtel kapena TNM, ndipo aliyense pakhomopo amadziwa pamene netiweki iliyonse imagwira. Mudzaona bambo wamkulu ndithu atanyamuka pamkeka n'kukaima pachulu kuti ayankhule ndi mlongo wake wa ku Ntcheu, kenako n'kusunthira kuseri kwa khola kuti aimbire mwana wake ku Tete. Nambala ya ku Malawi aitchula m'Chingelezi, ya ku Mozambique m'Chipwitikizi, munthu mmodzi yemweyo.

Nthawi imawerengedwa mpaka 24. Akakuuzani kuti maliro anyamuka "katozi", ndiye kuti 2 koloko masana. Ndipo musadabwe kuona mwana wa sukulu akudyetsa ng'ombe m'mawa wonse wa Lachitatu, amake osamukalipira n'komwe. Sukulu zambiri ku Mozambique zimaphunzitsa mosinthana: ena m'mawa, ena masana, ndipo m'matawuni ena usiku. Choncho pakhomo limodzi wina akuvula yunifolomu pamene mnzake akusamba kuti azipita, ndipo mphika wa nsima ya masana umaphulidwa molingana ndi awiriwo. Kwa ife amene tidazolowera kuti mwana wopezeka pakhomo 9 koloko ndiye kuti wajomba, zimatenga masiku kuti diso lizolowere.

Pa nkhani ya sukuluyi pali china chimene chimandikhudza kwambiri. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, yomwe idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, idasesa Angónia koopsa, makamaka chapakati pa zaka za m'ma 1980. Anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique adathawira ku Malawi, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sadakhale m'misasa koma m'midzi, pakati pa abale awo. Ana amene adakulira kuno nthawi imeneyo adaphunzira m'sukulu zathu. Lero ndi makolo ndi agogo, ndipo madzulo mwana akatulutsa kope la ntchito ya kunyumba, bambo amene adafika Sitandade 8 ku Malawi amangoliyang'ana, poti zonse zili m'Chipwitikizi. Kalata ya ku boma amawerenga ndi mwana. Kapepala ka mankhwala ochokera ku Malawi amawerenga ndi bambo. Pamene onse amakumana ndi pa Buku Lopatulika ndi buku la nyimbo, zomwe mabanja ambiri adagula kuno. Ngakhale mipingo yawo ili ndi mbiri yakeyake (Akatolika adayamba kalekale ku mishoni ya Lifidzi, ndipo a Reformed ndi abale ake a Sinodi ya Nkhoma), mapemphero a pakhomo mukhoza kuwatsatira osaphonya liwu.

Nkhondo yomweyo idasiya chizolowezi chosaika chuma chonse mbali imodzi. Banja limatha kukhala ndi munda uko, kanyumba kuno, ng'ombe zina kwa malume tsidya lina. Ife timafulumira kunena kuti n'kuchenjera kofuna kudya pawiri. Ine ndimaona kuti munthu amene adathawapo usiku atasenza mwana ndi mphika yekha ali ndi chifukwa chake.

Za kukhitchini ndi zopepukirapo. Chakudya cha m'mawa amati matabishu, ndipo kumudzi chimadyedwa dzuwa litakwera, anthu atabwerako kumunda. Ku Vila, buledi ndi wa tsiku lomwelo, timitanda tating'ono ta khungu lolimba tootchedwa mu uvuni wa nkhuni, osati wodulidwa kale wa m'pepala. Chimene chimadabwitsa Amalawi ndi zoikamo: letesi, tomato ndi anyezi zosaphika, zothira mchere, mafuta ndi ndimu, n'kumwera tiyi. Masamba osaphika m'mawa! Mlendo wa kwathu amayamba wayang'ana uku ndi uku ngati wina abweretsa majarini. Nkhuku nayo simangoponyedwa mumphika ndi tomato. Imayamba yagona mu adyo ndi ndimu kenako n'kuotchedwa pa makala. Apa ndiye sindibisa mbali yanga, anzathuwa amatiposa.

M'mabanja a m'tawuni mudzaonanso atsikana akupatsana moni popsompsonana m'masaya kawiri, uku ndi uku. Mtsikana yemweyo akamapereka madzi osamba m'manja kwa bambo ake amagwada mpaka pansi, ndipo palibe amene amaona kuti ziwirizi zikutsutsana.

Kalendala ya pakhomo ndiyo imasiyana kwambiri ndi yathu. Pa 7 Epulo, tsiku lokumbukira imfa ya Josina Machel mu 1971, ndi tsiku la amayi a ku Mozambique. Amayi amasoketsa kapulana yofanana m'magulu, amatuluka kukavina, ndipo bambo amene sadagule nsalu chaka chimenecho amadya nsima yozizira. Pa 25 Disembala boma limati ndi tsiku la banja, dzina lotsalira m'nthawi ya Samora Machel, ngakhale kutchalitchi kumadzaza monga kwathu. Koma lalikulu kwa ana ndi 1 Juni. Patsikuli kholo ngakhale losauka limayesetsa kuti mwana avale chatsopano, ndipo m'mawa kukuzizira chisanu cha ku Angónia, mayi amakhala ali kale pamoto kuphika mpunga ndi nkhuku, kukazinga kachewere, zoti mwana anyamule kukadya ndi anzake kusukulu. Ana a tsidya lino la msewu, amene tsikulo kwa iwo ndi wamba, amadziwa bwino lomwe kuti ndi tsiku loyenera kukaona asuweni.

Nawonso ali nazo zotiseka. Amadabwa kuti munthu woyankhula Chichewa bwinobwino akafika pa mtengo wa chinthu amatembenukira ku Chingelezi, ngati kuti "faifi sauzande" ndi mawu a makolo. Amadabwa ndi shuga amene timathira mu tiyi. Ndipo masiku ano, akationa tikuwoloka msewu kukagula chimanga kapena mafuta a galimoto, amatifunsa mwaulemu wonse ngati chikwama tanyamulacho ndi cha zovala kapena ndi makwacha ogulira thumba limodzi la chimanga.