Supu wa Nkhumba ndi Masamba: Nyama Yochepa Ikwanire Banja Lonse

Amayi anzanga, mwezi wa Juni uja wafika ndipo mphepo yayamba kulowa ndi m'mafupa momwe. Inu a ku Dedza ndi ku Ntcheu simusowa wokuuzani, ndipo a ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chakupezani kale. Nyengo ngati ino ana amabwera kuchokera kusukulu ali njenjenje, akufuna chakudya chotentha ndi chokhalitsa m'mimba. Choncho sabata ino tikambirane za kaphikidwe ka supu wa nyama ya nkhumba ndi masamba.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukamva za supu mumaganiza za timapaketi ta m'sitolo tija. Supu amene ndikunena pano ndi wolemera, woti chipande chikalowa mumphika chimatuluka ndi nyama, mbatata, nyemba ndi masamba pamodzi. Chimene ndimamukondera ndi ichi. Taganizani za theka la kilogalamu ya nyama pa banja la anthu 8. Mukaiphika monga ndiwo za masiku onse, zimatuluka nthuli zowerengeka. Zonona zimapita m'mbale ya bambo, ina kwa mlendo ngati alipo, ndipo ana, amene matupi awo akukula, amatsala ndi msuzi ndi kafupa kolimbirana. Ambirife tidaleredwa motero, ngakhale sitinena poyera. Koma nyama yomweyo ikaphikidwa mpaka kulekana ndi mafupa, n'kunyenyedwa mumphika, palibenso amene angawerenge nthuli. Aliyense amene walandira chipande walandira nyama.

Tiyambe ndi kumsika. Musataye ndalama pogula mnofu wokhawokha. Funani nthiti, khosi, mafupa a msana kapena mapazi, zimene kawirikawiri zimakhala zotsika mtengo. Kukoma kwa supu kumachokera m'mafupa ndi m'khungu, ndipo zomwezi ndi zimene zimalemeretsa msuzi, kotero kuti ukazizira umachita kugwirana.

Musanapereke ndalama, yang'anitsitsani nyamayo pamalo owala. Mukaona timatuza toyera tokhala ngati njere za mpunga tili mkati mwa mnofu, ilekeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo motani. Anzathu a ku Katete ndi ku Petauke m'dziko la Zambia timeneti amati masese. Ndi ana a njoka yaitali ya m'mimba, ndipo timapezeka kwambiri m'nkhumba zongoyendayenda m'mudzi, zimene zimadya zonyansa za anthu kumene kulibe zimbudzi. Munthu akadya nyama yotere isanapse bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake. Choopsa kwambiri ndi mazira ake. Amatuluka munthuyo akadzithandiza, ndipo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'chakudya, amaswa, ndipo tizilombo take tingathe kukafika ku ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Anthu ena amene timati adawalodza, vuto lawo lidayambira pamenepa. Tsono gulani nyama imene aipima a za ziweto, ndipo ya nkhumba yofa yokha musaiyandikire n'komwe. Inu oweta nkhumba dziwaninso kuti chigodola cha nkhumba sichigwira anthu, koma chimayenda ndi nyama. Makombo a nyama yogula kumsika, ngakhale madzi otsukira, musakathire m'khola mwanu.

Tsopano tibwere kumoto. Usiku wa dzulo lake viikani kapu imodzi ya nyemba m'madzi. Kukacha tayani madziwo. Tsukani nyama bwinobwino, makamaka kuti muchotse tizidutswa ta mafupa, pakuti ogulitsa athu amadula ndi chikwanje ndipo tizidutswa timeneti n'toopsa kukhosi kwa mwana. Ikani nyama ndi nyemba mumphika waukulu, thirani madzi ozizira okwana malita 3, ndipo tereketsani. Madzi akayamba kuwira mudzaona thovu lotuwa likuyandama pamwamba. Liwoleni ndi supuni ndi kulitaya, kawiri kapena katatu, mpaka madzi ayere.

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Akaona mphika wawira amasonkhezera nkhuni kuti zipse msanga, madzi n'kuphwera, nyama ikadali yolimba, iwo n'kumangothira madzi ena mpaka supu atasukuluka. Mphika ukangowira, phulani nkhuni zina. Moto ukhale wochepa, madzi azingoti bwatubwatu pang'onopang'ono, mphika uli wovundikira, kwa ola limodzi ndi theka kapena maola 2. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musade nkhawa za nkhuni, chifukwa moto woterewu umayenda ndi zikuni ziwiri zokha, ndipo amene muli ndi mbaula za dothi za Chitetezo zija mudzaona kuti sizidya nkhuni zambiri. Nthawi imeneyi mungathe kusesa, kuchapa, kapena kusenda mbatata.

Nyama ikafewa moti ikulekana yokha ndi fupa, ivuuleni muiike m'mbale. Chotsani mafupa onse, nyamayo muidule tizidutswa ting'onoting'ono, n'kuibwezera mumphika. Pamwamba pa msuzi padzakhala payandama mafuta ambiri, pakuti nkhumba ndi nyama yonona. Tapani masupuni atatu a mafutawo muike mu sefuliya, ndipo mukazingiremo anyezi awiri ndi matimati anayi, ndi adyo ngati muli naye. Mwatero mwapulumutsa mafuta ogula. Ngati mafuta achuluka kwambiri mumphika, tapani ena muwasunge, mudzakazingire ndiwo zamasamba madzulo. Zokazingazo zithireni mumphika muja pamodzi ndi mchere.

Masamba ndi zina zonse zisalowe nthawi imodzi. Zolimba ziyambe, zanthete zitsirize. Yambani ndi mbatata ya kachewere zisanu kapena zisanu ndi imodzi, karoti atatu, ndi chibenthu cha dzungu, zonse zoduladula. Nyengo ino kachewere ndi kabichi sizisowa, ndipo amene mumadutsa pa Lizulu kapena pa Tsangano mukudziwa mmene zimaunjikidwira m'mbali mwa msewu. Ine ndimaumirira pa dzungu. Likapsa limasungunuka lokha ndi kulimbitsa supu popanda kuthira ufa, ndiponso ana amakonda kutsekemera kwake. Pakapita mphindi 15 ikani zitheba ndi kabichi. Mpiru, repu, bonongwe kapena nkhwani, zilizonse zimene zili kudimba kwanu, zilowe pomaliza ndipo ziwire mphindi 5 zokha, ziphulidwe zikadali zobiriwira. Soda ndi chidulo zisalowe mumphika umenewu. Zimafewetsa masamba msanga, inde, koma zimawononga mavitamini amene tikufunawo.

Amene tidaphunzira zapakhomo kale tinkauzidwa za magulu atatu a zakudya. Lero alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zamafuta ndi zipatso. Werengani nokha mumphika mwanu muja, mupeza asanu alimo kale. Chotsala ndi chipatso, ndipo ino ndi nyengo ya manachesi a ku Mwanza. Mwana aliyense alandire limodzi akatha kudya.

Pogawa, vundulani kuchokera pansi, chifukwa zabwino zonse zimakhazikika pansi pa mphika. Mbale za ana ziyambe, tsabola asanalowe. Bambo akafuna tsabola muwaikire pambali. Kwa mwana amene wakwanitsa miyezi 6 ndipo wayamba kudya, musamangomutapira madzi a pamwamba. Mutapireni mbatata, dzungu, nyemba ndi kanyama, muzipote ndi supuni mpaka zisalale, mutayang'ana kawiri kuti mulibe fupa. Supuyu amayenda ndi nsima ya mgaiwa, mpunga, buledi kapena chinangwa chophika, ndiponso amakhutitsa payekha.

Kumbukiraninso kuti m'midzi ndi m'magulu athu a amayi muli anzathu Achisilamu ndi a mpingo wa Seventh Day amene sadya nkhumba. Mlendo mufunseni musanamugawire, ndipo mphika wophikira nkhumba ukhale wakewake, osaubwereketsa kwa iwo osawauza. Kaphikidwe komweka kamatheka ndi mafupa a mbuzi kapena nkhuku yachikuda, kungoti mafuta adzachepa ndipo mudzafunika kuthirako supuni ziwiri za nsinjiro.

Amene mulibe firiji phikani wokwanira tsiku lomwelo. Wotsala masana mumuvundikire, ndipo madzulo musangomufunditsa ayi, awire ndithu mpaka abwate musanagawe.