TSITSI LA BULUU NDI PINKI: ZIMENE MANKHWALA ACITA PAMUTU

Masukulu akatseka ndipo Khirisimasi ikayandikira, m'makomboni monga Kapata ndi Mchini mu Chipata mumaoneka mitu ya mitundu-mitundu. Mnyamata wameta m'mbali ndi kusiya tsitsi lacikasu pamwamba. Mtsikana wadaya lake kukhala lofiira ngati tomato, wina buluu, wina pinki. Ambiri atengera oimba ndi omenya bola amene awaona pa TV ndi pa foni. Khalidweli linayamba kale: pa mpikisano wa World Cup wa 1998 ku France, osewera a timu ya Romania anasandutsa tsitsi lao kukhala lacikasu, ndipo mu 2002 anthu ambiri anamdziwa El Hadji Diouf wa ku Senegal ndi mutu wake woyezuka.

Makolo akaona zimenezi amakangana ndi ana ao pa nkhani ya ulemu ndi malamulo a kusukulu. Nkhani ya khungu la pamutu, maso ndi cifuwa siikambidwa kawiri-kawiri, koma ndiyo imene imafikitsa anthu ku kiliniki.

Tsitsi lakuda sililandira mtundu wowala

Tsitsi lirilonse liri ndi khungwa lake lakunja, lokhala ngati mamba a nsomba osanjikizana. M'kati mwake muli timadontho ting'ono-ting'ono ta utoto wacibadwa wochedwa melanin, womwe umadetsanso khungu la munthu. Tsitsi lakuda bii liri ndi melanin wambiri kuposa lina lirilonse. Munthu akapaka dayi wa buluu kapena pinki pa tsitsi lotere, palibe cimene cioneka, monga mmene inki yofiira siionekera pa nsalu yakuda.

Kaamba ka ici, nchito imakhala ya zigawo ziwiri. Coyamba ndi kucotsa utoto wacibadwa ndi mankhwala oyezula tsitsi, amene a m'masaluni amawachula kuti bleach. Caciwiri ndi kupaka dayi wa mtundu umene munthu afuna. Dayi wowalayu nthawi zambiri sakhala waukali; amangomamatira kunja kwa tsitsi ndipo amasuluka pang'ono-pang'ono nthawi iriyonse mutu ukatsukidwa. Ngozi yaikulu iri pa cigawo coyamba.

Bleach wa tsitsi ndi ufa wokhala ndi mankhwala ochedwa persulphate, umene amasakaniza ndi madzi a hydrogen peroxide. Zikasakanizika, zimatsegula mamba aja ndi kulowa m'kati kukaswa melanin. Pa botolo la peroxide pamalembedwa nambala yosonyeza mphamvu yake: 10 volume ndi 3 peresenti, 20 volume ndi 6 peresenti, 30 volume ndi 9 peresenti, ndipo 40 volume ndi 12 peresenti. Nambala ikakwera, tsitsi limayezuka msanga, koma khungu nalonso limapsa msanga. Peroxide wa 40 volume sayenera kukhudza khungu la pamutu konse.

Tsitsi lakuda silicoka pa kuda ndi kufika pa kuyera nthawi imodzi. Limayamba kukhala lofiirira, kenaka lofiira, kenaka la mtundu wa lalanje, kenaka lacikasu, ndipo pothera pake lacikasu cotuwa ngati m'kati mwa khoko la nthoci. Wofuna tsitsi lofiira angalekeze pa lalanje. Koma wofuna buluu kapena pinki ayenera kufika kumapeto kweni-kweni, cifukwa buluu akapakidwa pa tsitsi lacikasu amatuluka wobiriwira, ndipo pa la lalanje amatuluka ngati matope. Apa ndipo ambiri amalakwira. Munthu akaona kuti mtundu sunafike, amabwereza bleach kawiri kapena katatu tsiku lomwelo, kapena amamsiya pamutu ola lathunthu ndi kupitirira, mwina ataphimba mutu ndi pulasitiki ndi kukhala padzuwa kuti mankhwala agwire. Kutentha kumaonjezera ukali wa mankhwalawa, ndipo zironda zambiri za pamutu zimayamba motero.

Pali cinanso cofunika kucimva bwino. Dzina loti bleach limagwiritsidwanso nchito pa mankhwala ocapira nsalu ndi otsukira cimbudzi monga Jik. Amenewo ndi mankhwala ena, a chlorine. Amasungunula tsitsi, amaocha khungu, ndipo akasakanizidwa ndi mankhwala okhala ndi ammonia amatulutsa mpweya wapoizoni. Sayenera kufika pamutu pa munthu ngakhale atasungunulidwa ndi madzi.

Tsitsi loongola kale

Tsitsi lopotana ngati la anthu ambiri a kuno limauma msanga, cifukwa mafuta a pakhungu amabvutika kutsika m'mapindi ace, ndipo pa pindi lirilonse ndi pamene limaduka mosabvuta. Bleach amasiya mamba otseguka ndi osweka, motero tsitsi limamwa madzi msanga ndi kuwataya msanga. Tsitsi lopsa ndi bleach limadziwika likanyowa: limatamuka ngati lasitiki, silibwerera, ndipo limatsalira m'cipeso.

Azimai amene anaongola tsitsi lao ndi relaxer ayenera kusamala koposa. Relaxer ambiri ali ndi sodium hydroxide, soda yaukali yofanana ndi imene amapangira sopo, kapena mankhwala ena a mphamvu yonga yomweyo. Nchito yao ndi kudula timfundo timene timalimbitsa tsitsi m'kati. Bleach nayenso amaononga timfundo tomweto. Mankhwala awiriwa akakumana pa tsitsi limodzi, tsitsi limatha kuduka lonse pafupi ndi khungu, m'beseni momwemo. Kudikira masabata awiri kapena atatu sikucotsa bvutoli, pakuti mbali imene inaongoledwa imakhala yofooka mpaka itametedwa. Wodziwa nchito ya saluni amakana kupaka bleach pa tsitsi loongola, ngakhale kasitomala atakwiya.

Tsitsi ndi cinthu cakufa, silipola ngati cironda. Mafuta ndi conditioner zimalifewetsa cabe. Lopsa limatha pokhapo latsopano litamera, ndipo tsitsi limakula pafupi-fupi sentimita imodzi pa mwezi, la anthu akuda kucepera pang'ono. Mtsikana amene wataya tsitsi lotalika masentimita 15 adzadikira kupitirira caka kuti libwerere. Mtundu umene analitayira umakhala utasuluka m'masabata ocepa, maka-maka m'dzuwa la Okutobala.

Khungu likapsa

Kunyereza pang'ono pamene bleach ali pamutu kumacitika. Koma kuwawa ngati moto, kutentha, kapena kutuluka madzi pakhungu ndi cizindikiro cakuti khungu likupsa. Mau akuti kukongola kumawawa alowetsa ambiri m'mabvuto. Mankhwala ayenera kutsukidwa nthawi yomweyo ndi madzi ambiri oyera, osatentha, kwa mphindi 20 kapena kupitirira. M'nyumba zopanda mpopi ndi bwino kutungiratu zidebe ziwiri kapena zitatu nchito isanayambe. Pa cironda pasapakidwe mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, dzira kapena phulusa. Ngati pali matuza, ngati khungu layera kapena lada, kapena ngati patapita masiku payamba mafinya ndi fungo, munthu apite ku kiliniki atanyamula paketi ya mankhwala amene anagwiritsa nchito.

Cironda cozama cimapha mizu ya tsitsi. Pamalo pamene papola ndi cipsera, tsitsi silimeranso moyo wonse, ndipo palibe mafuta ogulitsidwa pa msika amene angalibweze.

Mankhwala akalowa m'diso, diso litsukidwe ndi madzi oyera kwa mphindi 20, cikope ciri cotsegula, kenaka munthu athamangire ku cipatala ngakhale kuwawa kutacepa. Nsidze ndi nkhope siziyenera kupakidwa dayi wa pamutu. Mu 1933 ku America, dayi wa nsidze wochedwa Lash Lure anacititsa khungu azimai ena, ndipo nkhaniyi inathandiza kuti dzikolo likhazikitse lamulo loyang'anira zodzola mu 1938.

Munthu amene ali ndi zipere, zironda, kapena khungu losweka pamutu ayenera kucira coyamba. Ndi bwinonso kusatsuka mutu tsiku limodzi kapena awiri bleach asanapakidwe, ndi kusakanda kapena kumeta ndi lezala, cifukwa mafuta acibadwa a pakhungu amachinjirizako. Amene wangomasula malukidwe adikire masiku angapo. Mankhwala asakanizidwe m'mbale ya pulasitiki, osati ya citsulo, ndipo nthawi yolembedwa pa paketi isapitirire. Kuyesa pa katsitsi kocepa ka kunkhongo kumaonetseratu ngati tsitsi lidzapirira. Ngati pafunika kubwereza, papite masabata angapo.

Ngozi ya pobwerera ku tsitsi lakuda

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti ngozi ina imabwera pamene holide yatha. Sukulu yatsegula, kapena nchito yapezeka, ndipo mutu wa buluu uyenera kuda pofika Lolemba. Munthu amagula dayi wakuda wochipa pa msika. Dayi wakuda ndi wofiirira wosasuluka nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala ochedwa para-phenylenediamine, mwacidule PPD, amene matupi a anthu ena amawakana kowopsa.

Kukana kumeneku sikufanana ndi kupsa. Sikuoneka nthawi yomweyo. Kumayamba patapita maola angapo, mwina masiku awiri kapena atatu. Khungu la pamutu, m'makutu, pamphumi ndi m'khosi limayabwa, limatuluka timatuza ndi madzi, ndipo zikope zimatupa mpaka maso kutsekeka. Munthu angagwiritse nchito dayi mmodzi-modzi zaka zambiri popanda bvuto, kenaka thupi n'kuyamba kumukana, ndipo likayamba silileka. Kuyabwa kwa ulendo uno ndi cenjezo la ulendo wotsatira, umene umakhala woipa kuposa. Khungu limene langopsa kumene ndi bleach limalowetsa mankhwalawa mosabvuta.

Kwa anthu ocepa, thupi limakana mwadzidzidzi m'mphindi zowerengeka: milomo ndi lilime kutupa, mau kusasa, kupuma mobvutika, cizungulire ndi kukomoka. Bleach nayenso angacititse zimenezi. Wodwala wotere afunika jekeseni wa adrenaline ku cipatala msanga-msanga. Mapiritsi a kunyumba sakwanira. Ku England, mzimai wina anakomoka mu 2011 atadaya tsitsi lake ndipo anamwalira mu 2012 asanatsitsimuke. Bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti thupi lake linakana dayi, ndipo linamva kuti zaka zingapo m'mbuyo anajambulitsa pakhungu ndi hena wakuda. Hena weni-weni ndi wa masamba ndipo amasiya mtundu wofiirira. Wakuda amakhala woonjezeredwa PPD wambiri.

Ndico cifukwa cake mapaketi amalangiza kuyesa dayi maola 48 asanapakidwe: kadontho kakang'ono kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa cigongono, motsatira malangizo a pa paketiyo, ulendo uliwonse. Pakayabwa, pakafiira kapena pakatupa, dayiyo asagwiritsidwe nchito. Kuyesa kumeneku ndi kwa dayi cabe. Bleach sasiyidwa pakhungu maola. M'maiko a European Union, PPD saloledwa kupitirira 2 peresenti mu dayi wosakaniza kale, ndipo mapaketi amalembedwa kuti mankhwalawa si a ana osakwana zaka 16. Ufa wogulitsidwa m'timapepala topanda dzina, popanda tsiku lothera mphamvu, palibe amene adziwa kuti uli ndi PPD wocuruka bwanji.

PPD akamwedwa ndi poizoni wakupha. Zipatala za ku Sudan, Morocco ndi India zalandira odwala ambiri otere: khosi ndi lilime zimatupa, mkodzo umada, ndipo impso zimaleka kugwira nchito. M'nyumba ya cipinda cimodzi kapena ziwiri, mmene zonse zimasungidwa pa shelefu imodzi, dayi ndi peroxide ziyenera kuikidwa patali ndi ana ndipo zisathiridwe m'botolo la zakumwa. Mwana akamwa, asamsanzitse. Apite naye ku cipatala pamodzi ndi paketi.

Ogwira nchito m'masaluni

Kasitomala amakumana ndi mankhwalawa kangapo pa caka, koma mtsikana wa m'saluni ndi mnyamata wa m'babashopu amakumana nao tsiku ndi tsiku, kawiri-kawiri m'kacipinda kamalata kopanda zenera. Fumbi la ufa wa persulphate limadziwika kuti limayambitsa mphumu ndi cimfine cosatha pakati pa okonza tsitsi. Cizindikiro cake ndi cifuwa cimene cimakula masiku a nchito ndi kucepa munthu akapuma. Manja osabvala magolovu amasweka ndi kuyabwa, ndipo ena aleka nchito imene inali kuwadyetsa kaamba ka ici. Magolovu, citseko cotsegula ndi kusakaniza ufa pang'ono-pang'ono kuti usafuke zimacepetsa bvutoli.

Pa nkhani ya khansa, bungwe la IARC, limene liri pansi pa World Health Organization, linaika nchito yokonza ndi kumeta tsitsi m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa, koma linati umboni sunakwane pa munthu wodaya tsitsi lake cabe. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2019, wa azimai oposa 46,000, anapeza khansa ya m'mawere yocurukirapo pakati pa ogwiritsa nchito dayi wosasuluka, maka-maka azimai akuda, koma sanapeze kusiyana kweni-kweni pa dayi wosuluka. Kafukufuku wotere amaonetsa kuti zinthu ziwiri zikuyendera limodzi. Satsimikiza kuti cina ndico cayambitsa cinzake. Kwa azimai apakati, mankhwala olowa m'thupi kudzera pakhungu ndi ocepa kwambiri, komabe ambiri amasankha kudikira mpaka masabata 12 oyamba atapita.

Ena amagwiritsa nchito GV, mankhwala apepo aja opaka pa zironda, kuti tsitsi likhale lapepo. Amadetsa khungu, zobvala ndi mapilo, ndipo mu 2019 boma la Canada linacenjeza anthu kuti aleke kuwagwiritsa nchito poopa khansa.

Wofuna mtundu wowala wa pa phwando limodzi cabe ali ndi njira zosafuna bleach. Pali wigi, pali ulusi ndi tsitsi lolukira la mitundu yonse, ndipo pali phula ndi spray za mtundu zimene zimakhala pamwamba pa tsitsi lakuda ndi kucoka ndi sopo madzulo omwewo. Malukidwe okha asakhale othina mpaka kutulutsa tiziphuphu m'mphepete mwa mphumi, cifukwa kukoka kotere nako kumazula tsitsi la kutsogolo.